Ndalama za m'chikombole chimodzi

Lachinayi, 14 Juni 2007. Kwazizira, koma mtima uli m'malo.

Nditaweruka kusukulu ndinapita pa intaneti ku Biwi kukafuna ndalama yakale ya Aroma yoti ndizionetsa ana anga a Fomu 1. Achemwali a ku Mangalande ati alipira. Wogulitsa wina anali wotchipa zedi, koma nditayang'anitsitsa zithunzi, ndalama zake zinayi zonse zinali ndi kamng'alu pamalo amodzimodzi.

"Aphunzitsi, ingotengani zomwezi," anatero mayi woyang'anira makompyuta.

Ndinakana. Ine ndinakula ndikuumba njerwa ndi bambo ku Chinsapo, ndipo zotuluka m'chikombole chimodzi zimakhala ndi chilema chimodzi. Ndalama zimenezo zinali zopeka, osati zakale zenizeni. Ndalembera wogulitsa wina wodula, amene ndalama zake zinaperepeseka mosiyanasiyana. Bambo akanakhalapo akanaseka kumva kuti njerwa zawo zandigwirira wakuba wa kutsidya kwa nyanja.