Minga ya ku Aldercombe

Govanhill, Glasgow
16 Juni 2024

Okondedwa achimwene Maxon,

Mauthenga anu onse ndinawamvera. Sindinayankhe chifukwa pa foni mumadula munthu asanamalize. Ndiye ndalemba papepala, ndipo muwerenge muli nokha.

Moyo ndili nawo. Ku yunivesite sindinabwerereko, musafunsenso, ndipo amalume a ku Balaka muwauze kuti dzina lija la "dokotala" alisungire ana awo. Ntchito ndi yomwe ija yosambitsa nkhalamba za eni. Kungoti anandisuntha, tsopano ndimakwera basi mpaka ku Easterhouse. Chimene anandisunthira ndi chomwe ndikufuna kukuuzani.

Kwa chaka ndi theka ndinkasamalira bambo ena ku Dennistoun, a Cuthbert, a zaka 87. Si a kuno ku Scotland. Anabadwira kumwera kwa England, m'kamudzi kotchedwa Aldercombe. Pa nkhondo yachiwiri ija, chakumapeto kwa 1943, boma linauza mudzi wonsewo kuti usamuke isanafike Khirisimasi, kuti asilikali aphunzirirepo kuombera. Anawalonjeza kuti nkhondo ikatha abwerera. Mpaka lero kuli waya ndi zikwangwani zochenjeza za mabomba. Inde achimwene, azungu analandanso malo a azungu anzawo. Tsiku loyamba kumva ndinaseka, ndisakubisireni.

A Cuthbert anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo awo anabwera nawo kuno kudzagwira ntchito yokhoma sitima zapamadzi. Amayi awo anatsala komweko, poti anali atamwalira kale ndipo anaikidwa kuseri kwa tchalitchi.

Mkuluyu watha zaka makumi anayi akulemba mbiri ya mudziwo: nyumba iliyonse munkakhala ndani, ng'ombe zake zinapita kuti, mwini wake anakafera kuti. Mwa onse amene anakwera malole tsiku lija, atsala okha. Manja atayamba kunjenjemera, ndinkawatayipira pa laputopu yanga ndikatha kuwadyetsa. Zaka ziwiri zija ndinaphunzira mbiri zinapeza pogwira. Tsamba lililonse ndinkalikonza.

"Apa mwati belu la tchalitchi analitsitsa Lachiwiri. Pa tsamba 40 munati Lachinayi."

"Pulofesa wayamba," ankatero iwo. "Kodi unaliko?"

"Inu munaliko, koma munali ndi mamina mpaka pachibwano."

Ankaseka mpaka kutsamwa. M'dziko lonse lino ndi okhawo amene ankanditcha pulofesa ine osakwiya. Kope limodzi lokha, lachikuto chobiriwira, sankandipatsa. Ankati ndi mutu womaliza, tidzatayipa nthawi yake ikakwana.

Asilikali amatsegula chipata cha mudziwo masiku owerengeka, nthawi ya Pasaka. Kale anzawo ena, a John, ndiwo ankawajambulira manda, koma anamwalira. Kate, mwana wa a Cuthbert, anakana kuti bambo ake ayende ulendo wotero, ndipo sanalakwe. Ndiye mkuluyu anapempha ine. "Ukangojambula basi. Dzina ndi Theresa, pafupi ndi khoma." Ndinapita pa masiku anga opuma, sitima ziwiri ndi basi.

Ndinapeza nyumba zopanda madenga, makoma obooka ndi zipolopolo, alendo akudya masangweji pa udzu. Manda ndinawapeza. Achimwene, mukanaona! Chitsamba chaminga chitakuta mwala wonse, dzina osaoneka, nthambi zopanda tsamba ngati waya wadzimbiri. Mtima unandiwira. Ndinati anthu awa amapukuta galu mapazi akamalowa m'nyumba, koma mayi wa munthu amusiya m'tchire. Kwathu manda otere amanyozetsa mtundu wonse.

Kuseri kwa tchalitchi kunali wilibala ndi fosholo za anthu okonza njira. Sindinapemphe aliyense. Ndinadula, ndinakumba, ndinazula ndi mizu yomwe kuti chisadzaphukenso, n'kuchiponya kuseri kwa waya kumene sikupondedwa ndi munthu. Kenako ndinasesa ndi nthambi mpaka panatsala dothi lokhalokha, monga timachitira pa manda a amayi. Manja anali magazi okhaokha. Ndinagwada, ndinapemphera, ndinajambula. Pobwerera m'sitima ndinkadzimva kuti ndine munthu.

Lachiwiri m'mawa ndinawapatsa foni ndisanavule ndi jasi lomwe. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Duwa lili kuti?"

"Duwa lanji? Panali minga yokhayokha."

"Rozi. Bambo anga analidzala m'mawa wa tsiku losamuka, lole ikuimba hutala. Ine ndinanyamula madzi m'ketulo. Limaphuka mu Juni. Cha kwathu chamoyo chimene chinatsala kumeneko chinali chokhacho."

Apa ndi pamene munthu woleredwa amagwada. Koma ine mukundidziwa. Ndinati, "Mukanandiuza! Ndinu amene mumabisa makope ngati mwana wasukulu. Zaka makumi asanu ndi atatu palibe wa kwanu anakazulapo udzu, lero wolakwa ndi ine?"

Sanakalipe. Anaika foni pa tebulo mosamala, n'kunena kuti, "Chitseko ukokere, Matilda."

Sabata yomweyo Kate anaimbira ku ofesi ndipo anandisuntha. Katatu konse ndinafika pakhomo pawo, chala chili pa belu, n'kubwerera kukakwera basi. Ndinauza mayi Zangaphee a ku Mvano, ndikuganiza kuti anditengera mbali. Iwo anangoti, "Mwanawe, kupepesa sikufuna digiri." Kuyambira pamenepo ku tchalitchi sindinapondeko.

Lachitatu lapitali Kate anandiimbira yekha. Anati bambo ali m'chipatala, mutu wasokonekera, akungofunsa za pulofesa. Ndinapita masana. Mawu ndinawakonzera m'basi, ndipo ndinawakonza bwino. Ndinagwada pambali pa bedi, manesi akundiyang'ana ngati ndagwa khunyu, n'kunena kuti pepani bambo, ndinalakwa, ndipo ndinakuyankhani mwamwano. Ndinanena kawiri. Iwo ankangomwetulira, akusisita dzanja langa.

"Pulofesa, wabwerako? Laphuka?"

Ndinayang'ana Kate. Kate anayang'ana pawindo. Ine amene ndinakangana ndi aphunzitsi a ku yunivesite mpaka kuwasiyira sukulu yawo, ine amene sindilola tsiku limodzi lolakwika kudutsa pa tsamba, ndinati, "Laphuka."

"Loyera?"

"Loyera mbee."

Mtundu wake sindinkaudziwa n'komwe. Ndinaumva kwa iwo pomwepo.

"Ndiye katayipe," anatero, n'kutseka maso.

Kate anandipatsa kope lija pa khonde la chipatala. Ndi masamba asanu ndi anayi. Ndamaliza dzulo. Muli masiku awiri olakwika, ndipo muli chiganizo chonena kuti duwalo limaphuka chaka chilichonse, ndipo lidzaphukabe iwo atapita, pamene sipadzakhalanso wodziwa kuti Aldercombe munkakhala anthu. Sindinakonze kanthu. Zala zinkandiyabwa, koma ndinatayipa monga analembera.

Madokotala akuti ndi nkhani ya masiku. Ndimapita masana aliwonse ndikaweruka, ndipo masana aliwonse amandifunsa funso lomwelo. Bambo amene ndinawalakwira kulibenso, achimwene. Amene ali pabedi paja sakudziwa mlandu uliwonse, ndipo amandikonda. Ndikanakonda akanadzuka ola limodzi lokha n'kunditukwana.

Mundiperekere moni kwa bambo. Muwauze kuti ndili bwino, kuno kwayamba kufunda, musawonjezerepo kanthu. Ana onse muwapatse moni, makamaka Yewo, ndipo mumuuze asatengere pakamwa pa azakhali ake. Alamu anga muwauze kuti mawu aja ndinawanenera pa maliro a amayi, anthu akumva, ndikuwakumbukira onse. Sindinafike poti n'kuwalembera kalata yawoyawo. Koma akadali ndi nzeru zawo zonse, ndiye mwina ndisachedwe.

Inuyo musandiyankhe ndi vesi. Mungondiuza, monga mkulu wanga, ngati kupepesa kwa munthu amene waiwala mlandu kumawerengedwa.

Ine mlongo wanu wovuta uja,
Matilda