Kukatsanzika ku Fakitale ya Malambe

Golomoti,
9 Juni 2017

Okondedwa mwana wanga Henry,

Kuno tadzuka, kaya inu ndi apongozi anga ku Lilongweko. Akundilembera ndi a Falesi a kukwaya, ndipo ndawauza kuti asakometse mawu anga.

Mlongo wanu Anjelina ntchito yamuthera, ndipo wolakwa ndine. Mukudziwa kuti wakhala akusefa ufa wa malambe pafakitale ya kuno zaka zinayi, malipiro osasuntha. Amayi ogwira naye ntchito akadandaula, bwana wawo amangoseka: "Chipata ndi icho, koma mukapita kuti?" Ndiye tinamva kuti fakitale ina ya ku Mtakataka ikulemba anthu. Anjelina ankafuna kungopita mwakachetechete. Ine ndinakana. Ndinati mwana wa Raphael sachoka pakhomo pa munthu ngati wakuba. Ndinavala jekete langa, ndinapita naye kukatsanzika.

Bwanayo anatilandira bwino, mpaka kundipatsa mpando. "Zikomo madala, mwana munalera," anatero.

M'mawa mwake tinapalasa njinga mpaka ku Mtakataka. Kalaliki wa kumeneko atangomva dzina anati, "Ndinu a ku Golomoti aja? Abwana anu atiimbira dzulo. Ife sitilandana antchito, tinapangana." Ndinafunsa kuti nanga iwo amalipira zingati. Mwana wanga, ndi zomwezonso, osasiyana ngakhale ndi tambala. Titabwerera tinapeza pamalo pa Anjelina aikapo kale munthu wina.

Anthu akuti ndikapepese kwa bwanayo kuti amubwezere ntchito. Sindipita. Iwo ali ndi makina, koma milambe isanu ndi iwiri ya m'munda mwathu inaliko iwo asanabadwe. Chaka chino sindiwagulitsa ngakhale thumba limodzi. Malambe onse ndaunjika m'chipinda chanu, ndipo a Mussa oyandikana nafe munda nawonso asunga awo. Ntchitoyi Anjelina amaidziwa, mtondo tili nawo.

Ndalama musatumize, sindinafike pamenepo. Mutumize sefa ziwiri zabwino ndi timatumba tapulasitiki, ndipo mufunse amayi opanga mafilizesi kwanuko ngati angamagule ufa kwa ife. Mundiyankhe mwezi uno usanathe, makoswe asanatigawire.

Mupereke moni kwa adzukulu anga. Mlongo wanu anatha sabata osandiyankhula, mbale ankangoika n'kutembenuka. Lero m'mawa wandifunsa ngati musi ndausema. Ndamufunsa ngati ndipereke moni wake kwa inu. Wati eya, ndikuuzeninso kuti bambo anu ndi ouma mutu. Ndiye ndakuuzani.

Ndine bambo anu,
Raphael Kamwendo