Dzina la amalume likuchoka m'nyumba mwanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Thamesmead tilipo, kuzizira kokhaku. Ndikadasamalirabe okalamba ku Lewisham, msana ukungodandaula. Kumudzi akuti chimanga chinapsa ndi dzuwa, koma Nabanda wathu uja wabereka mwana wamkazi.

Chandilembetsa ndi ichi. Alongo anu, amalume, anatisiya n'kukutsatirani, ndipo mpando wa ufumu uli wopanda munthu. Amayi a mbumba akungondiimbira foni. Akuti dzinalo ndi la bere lanu, ndipo mwamuna amene watsala m'bere limeneli ndi mwana wanga Yamikani. Paja munkati, "Ufumu Mulungu amauika m'mimba mwa mkazi, ife yathu n'kungomugwira munthuyo padzanja." Ndinakuonani ine tsiku lomwe munagwira amalume padzanja powalonga ufumu, iwo akulira ngati mwana.

Ndiye tamvani. Yamikani ali ku yunivesite ku Greenwich, ndipo anandiitana kukaonera sewero lakalekale la Angerezi. Mfumu ya m'seweromo anali iyeyo! Mfumu yodzozedwa, yonena kuti anaiika pampando ndi Mulungu, koma abale ake omwe akuilanda chisoti chachifumu. Amayi inu, mwana uja anaima ngati amalume, phewa limodzi lotsika lija. Popereka chisoticho analira misozi yeniyeni, ine kulira naye, mpaka mzungu wapambali kundipatsa kopukutira. Mumtima ndinati basi, Mulungu wayankha.

Atatuluka ndinamuthamangira n'kumugwira padzanja zolimba, monga munachitira inu. Anaseka, ankayesa ndikumuyamikira. Nditamufotokozera anandiyankha m'Chingerezi, mofatsa ndithu. Akuti sewerolo likusonyeza kuti palibe wobadwa ali mfumu. Akuti mudzi wathu anauona ali wakhanda, sangakaweruze anthu oti ngakhale moni sangathe kuwapatsa. Anamasula zala zanga pang'onopang'ono, n'kupita kukasukusula utoto kumaso.

Ndatopa, Amayi, ndipo chiyembekezo ndilibe. Ndayesa kumunyengerera, ndayesa kukalipa, amangondikumbatira n'kukakwera basi. Mbumba yati ikapanda kumva yankho, dzina lipita ku nyumba ya amayi aang'ono. Mukudziwa nokha kuti likalowa kumeneko silidzabwerako.

Ndiwauza apereke dzinalo. Koma ndikulonjeza kuti ndikadzafika kumudzi ndidzayambira kwa inu, ndidzalambule pamanda panu n'kukhala pansi, mundikalipire mmene mungafunire. Chokhacho mudziwe, Amayi: dzanja lija ndinaligwira ndithu. Linandipulumuka.

Ine mwana wanu wokukondani,
Esinati