Dzanja la a Kefasi ndi Makoswe a Alamu

Lolemba, 12 Ogasiti 2024

Alamu anga a Vitus afika kuchokera ku koleji ndi nzeru zodzaza foni. Akuti dzanja la achimwene awo lichira chifukwa akatswiri anayesa pa makoswe. Makoswe! Amuna anga a Kefasi anadzitema ndi chikwanje padzanja mu Febuluwale akudula mitengo ya chigafa cha fodya. Ku Lilongwe anawachotsa mtsempha kumwendo n'kuulumikiza pamene panaduka. Mpaka lero chikhatho ndi zala zitatu ndi dzanzi lokhalokha. Ndiye munthu azindiuza za khoswe.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Sukulu ya makoswe yapitirira pakhonde. "Alamu, zili ngati kumezanitsa mango. Akasamutsa mtsempha pamodzi ndi njira yake ya magazi, khoswe amachira msanga. Wopanda magaziwo umameranso, koma mochedwa, kuchokera pabala kutsikira ku zala."

Ndafunsa kuti nanga wa achimwene anu ndi uti. Akuti sakudziwa. Ndafunsa kuti khosweyo anawauza yekha kuti wachira? Akuti amamutsina phazi n'kuona ngati athawitsa mwendo. Anthu akuluakulu, ovala magalasi, kutsina makoswe! Ife kuno mbewa timangozifutsa n'kuthira mchere.

Lachinayi, 15 Ogasiti

A Joe, kapitawo wa pa esiteti imene tikukhalayi, abwera atapisa manja m'matumba. Lolemba akusankha matenanti a chaka chino. "Fodya amasankhidwa ndi zala, mayi. Dzanja lakufa tilitani? Nyumbayi ikufunika." Munthu amene sanasokepo ndi tsamba limodzi lomwe. Amuna anga a K. angoti, "Tamva, bwana." Ndapsa mtima.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Ndili kuchigayo ku Kamwendo, apongozi aganiza zothowa dzanja ndi madzi owira kuti magazi adzuke. Mwana wawo wangokhala phee, kuonerera khungu likupsa, poti sakumva kanthu. Ndapeza matuza kuzala. Dokotala analetsa zimenezi pamaso pawo, koma apongoziwo akuti amuna awo anachira bondo ndi kuthowa. Bondo!

A Vitus anali pamwamba pa chulu kusaka netiweki.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndayamba kumanga katundu. Kwathu ku Phalombe tilibe ndi kamunda komwe. Ndikuopa.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Titaweruka kutchalitchi tapita kudambo kukatenga makeni athu othiririra nazale. A K. atsamira pansi ndi dzanja lija kuti akhale. Kenaka ndangomva, "Esitere, chikundiluma!"

Linthumbu, litakanirira pakati pa chikhatho. Ndati mwaliona ndi maso, musandinamize. Ndawamanga mpango kumaso, ndatola lina n'kuliika kunsonga ya chala. Zii. Ndaliika pachikhatho, m'munsi mwa chala chachikulu. Adumpha n'kunditukwana mawu amene sanawatchulepo chikwatiraneni. Ndabwerezanso, atukwananso. Ndakhala pansi m'matope ndi chitenje changa cha Mvano, kuseka misozi ili chuchuchu.

Zala zikadali zakufa. Koma mu Juni ndinabaya pachikhatho pomwepa ndi singano, iwo osaphethira n'komwe.

A Vitus sindinawauze, angatupe mutu. Linthumbu ndalitsekera m'bokosi la machesi, mpango ndachapa. Mawa a Joe adzionere okha.