Zimene Dotolo Anakuuza Chaka Chatha

Moatize

Wokondedwa mng'ono wanga Élia,

Ndiyamba ndi moni. Kaya mwadzuka bwanji uko ku Zóbuè, iwe ndi ana? Kuno Délcia ali bwino, akupita kusukulu. Ine mayi wake ndiye ndagona pamphasa, msana wakana.

Lolemba ndinapitanso kuchipatala ku Tete. Pakuti iwe kunalibe, anandimasulira Chipwitikizi namwino wina wa ku Angónia. Chotupa cha m'bere chija ndi khansa, ndipo yafika m'mafupa.

Ndinafunsa kuti nanga asilikali a m'thupi, aja amatiuza kuti amatiteteza, anali kuti? Dotolo anati analipo. Akuti chotupa chimanyengerera ena mwa iwo. Amachiona ngati bala lofuna kupola, ndiye amachiitanira mitsempha ya magazi, nafewetsa mnofu wozungulira, matenda n'kupeza podutsa. Ndinaseka, Élia. Ndinati ngakhale galu wa pakhomo amamugula ndi fupa.

Kuseka kunandithera pamene anafunsa chifukwa chimene sindinabwerere chaka chatha. Akuti iye anauza m'bale amene ndinabwera naye kuti bere lichotsedwe msanga, nthendayo isanayende.

M'baleyo ndiwe. Unakhala pambali panga, chikwama changa chili pamiyendo pako. Dotolo analankhula nthawi yaitali, iwe unandimasulira mawu awiri okha, akuti n'chithupsa, chiphwa chokha. M'chapa, minibasi ija, pobwerera unandigulira nthochi, ine n'kumadya mokondwa.

Dinis, mlamu wako, waulula. Akuti munagwirizana kuti wodwala sauzidwa, angafe ndi maganizo, komanso kuti amayi athu analowa kumpeni osabwerako. Ndikudziwa kuti unachita mantha. Koma bere linali langa. Ndikanasankha ndekha.

Pamene ankatisamutsa chifukwa cha malasha, ndinakalipira azungu a mgodi pamaso, chifukwa mdani ndinkamuona. Iwe ndikukalipire bwanji? Ndinakubereka kumsana popita kumadimba. Mtima ukundiwawa kuposa msanawu, ndipo sindinakukhululukire. Ndisaname.

Komabe mwambo uli pomwepo. Ndikapita, Délcia ndi wako, ndiwe mayi wake wamng'ono, ndilibenso wina. Dotolo akuti akadzakula azidzapimitsa mabere, poti nthendayi nthawi zina imatsata mtundu. Udzapite naye. Zimene adzanene kumeneko, zowawa kaya zokoma, udzamuuze zonse, ngakhale iwe udzalire pomuuza.

Ngati sungathe, undiyankhe ndikadali moyo, ndimuphunzitse mwanayu kupita yekha.

Upereke moni kwa amalume a Gildo ndi a kumpingo. Mulungu akusunge.

Ndine mkulu wako,
Rosária