Mlendo wa m'Wayilesi kwa Mai Alesi

Lamulungu, 6 Juni 1954
Chiperoni tsiku lonse. Wayilesi imene anandisiyira amuna anga, malemu a Bizwick, ndakaichotsa ku tchalitchi. Miyezi inayi yakhala kumeneko, ulaliki wa Chinyanja wochokera ku Lusaka tikumvera ife tomwe obatizidwa kale. Kuthirira dimba mvula ikugwa. Abambo anga chithawireni kwawo ku dziko la Apwitikizi analumbira kuti m'tchalitchi sadzapondamo. Lamulungu lawo ndi pa mowa wa masese kwa mai Alesi, kuseri kwa malayini a nyumba za ife antchito a m'minda ya tiyi. Ndiye Mawu awatsate komweko.

Lamulungu, 13 Juni
Wayilesi pamutu, batire m'dengu lothyolera tiyi kumsana. Kulemera kwake, msana waphwanyika. Anthu a pamowa anandiseka, koma mlaliki atayamba onse zii. Abambo anati ameneyu ngwaulemu, saloza munthu chala. Kenaka anatunga mowa m'chipanda n'kuika patsogolo pa wayilesi. Akuti mlendo salankhula kukhosi kouma. Ndinafuna kuchotsa. Ndinasiya. Chibadwire sindinawaonepo akumva dzina la Yesu osalavula malovu.

Lachinayi, 17 Juni
Tikudulira tiyi kumunda wa kumtunda. Manja matuza okhaokha. A Fabiano, kapitawo wathu ndiponso mkulu wa mpingo, amva za chipanda. Akuti ndamwetsa mowa Mawu a Mulungu. Ndisiye, apo ayi ndibweze bulauzi ndi duku loyera za amayi a mpingo, ndipo pa mgonero ndisakhalepo. Ndinawafunsa kuti iwowo kuseri kwa malayini anafikako liti ndi Baibulo lawo. Anangotsokomola, n'kundiuza kuti mzere wanga ndadula mokhota.

Lamulungu, 20 Juni
Ndapitanso. Anthu achuluka, ena ochokera ku Masambanjati. Chipanda pamalo pake. Nyimbo itatha abambo anandifunsa ngati Yesuyo nayenso anathawapo kwawo. Ndinati inde, ali khanda, amake atamunyamula. Anakhala chogwedeza mutu nthawi yaitali. Mowa wawo mpaka ntchentche zinagweramo.

Lachisanu, 2 Julaye
Bwalo la akulu a mpingo. Andidula mumpingo. Bulauzi ndachapa, ndasita, ndakapereka ndekha, asati anachita kundilanda. Zaka khumi ndi chimodzi ndikuivala. Leah, mnzanga wa pa benchi, maso pansi ngati wataya singano. Pamaso pawo sindinalire, ndalirira m'tiyi pobwerera. Zandiwawa, ndisaname. Koma wayilesi ndi yanga, ndipo abambo anga ndi amodzi, akalamba.

Lamulungu, 4 Julaye
Mlaliki anali pa nkhani ya mwana uja anachoka kwa atate wake n'kukasauka kudziko lakutali. Atangofika podyetsa nkhumba, mawu anayamba kuchepa, kenaka zii. Batire latha. Ndinagwedeza, ndinamenya, palibe. Latsopano mpaka ku Limbe. Ndinayamba kulongedza, manyazi atandigwira. Ndadulidwira zimenezi?

Abambo anandigwira chitenje. "Mlendo watopa. Iwe Marita, nkhaniyi umaidziwa. Mwanayo anabwerera kwawo?"

Mai Alesi anavundikira mtsuko ndi lichero, akuti palibe wotunga mpaka timve. Ndinaimirira n'kuyambira pa nkhumba pomwepo. Mkazi, wodulidwa, kulalikira pamowa.

A Fabiano akamva adzandilandanso chiyani?