Nkhuku za Alamu Anu Zakana Kuyenda

14 Okotobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira munayenda bwino pobwerera kuchokera kumaliro a alamu anu. Kuno ana ali bwino, ine ndi choncho.

Munafunsa za nkhuku. Sindinagulitse zonse, achemwali. Mukumbukira alamu anu anagawa khola pakati ndi waya, mbali ina n'kumasakaniza m'chakudya ufa uja amati pulobayotiki, wa tizilombo tabwino tothandiza m'matumbo. Ine ndinkawaseka kuti akudyetsa anapiye matenda ogula dala. Iwo ankangoti, "Mayi, dikirani muone." Anandisiya anapiyewo asanamere nthenga.

Ndinapitiriza kusakaniza m'beseni lawo lomwe lija, ndi kasipuni kawo. Za mbali yodya ufa wawoyo sizinatsegule m'mimba, utuchi wouma bwinobwino, zifuwa zodzaza dzanja. Anapambana munthu uja. Akanakhalapo bwenzi sitikupuma nako kudzitama.

Za mbali inayo ndinagulitsa osaganiza kawiri. Koma zawozi, wogula akangofika pageti ndimamuuza kuti sizinakhwime. Ndi bodza, nthawi yake inapitirira kalekale. Ndi zokhazi zamoyo zotsala zimene manja awo anazigwira, kuziviika milomo m'madzi imodziimodzi tsiku limene zinabwera.

Tsopano zalemera kuposa miyendo yawo. Zimakwawa ndi mapiko kupita pa chomwera, zina zimangogona chifuwa pansi, kukamwa yasa. Lachiwiri ndinapeza ziwiri zitafa pafupi ndi madzi, zitalephera kufika. Alangizi a ziweto ataziona anavula chipewa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, nkhuku za nyama sizisungidwa. Apa mukuzizunza."

Zinandipweteka chifukwa ndi zoona. Alamu anu sankalola ngakhale kamwanapiye kugona ndi ludzu, ndiye ine ndikuzisunga m'dzina lawo zikuvutika chonchi.

Ndamuuza wogula abwere Lachisanu m'mawa, atenge zonse. Pempho langa ndi limodzi: mundiimbire foni nthawi imeneyo. Mulankhule zilizonse, ngakhale za mwendo wanu uja, bola ndikhale kuchipinda ndisamve kulira kwa nkhukuzo pozikweza m'galimoto. Ufa wotsalawo ndiupereka kwa aneba, koma beseni ayi.

Mupereke moni kwa onse kumeneko. Ana akupereka moni. Pamene mukuona pofufutidwapo musadabwe, dzanja linayamba lokha kulemba kuti alamu anu nawonso akupereka moni.

Ndine mng'ono wanu,
Make anyamata